Wogwiriridwa ali ndi ufulu pofunsidwa mafunso

M'madoko a kuno ku Nkhotakota, monga ku Chia ndi ku Dwangwa, mumafika alendo ambiri: atolankhani, ochita kafukufuku ndi a mabungwe. Ena amabwera kudzafunsa za nkhanza zogonana komanso za mchitidwe wogonana posinthana ndi nsomba. Kawirikawiri amene amawaperekeza ndinu a m'makalabu a achinyamata. Kodi mukudziwa ufulu wa mnzanu amene akufunsidwayo?

Choyamba, nkhaniyo mwini wake ndi iyeyo. Wofunsa ayenera kunena dzina lake, kumene wachokera ndi kumene nkhaniyo ikatuluke. Mnzanuyo akhoza kukana, kulumpha funso, kapena kusiya pakati. Asamunyengerere ndi ndalama kapena malonjezo a thandizo.

Chachiwiri ndi chinsinsi. Afunsidwe poduka mphepo, osati pa thandala la usipa anthu akumvera. Dzina, nkhope ndi mawu ake zisajambulidwe iye asanavomere. Kubisa dzina kokha sikokwanira: pa doko anthu amadziwana, ndipo kungotchula mudzi ndi ntchito ya bambo ake n'kumuulula kale. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsanso kuulula kuti munthu ali ndi kachilombo popanda chilolezo chake.

Chachitatu, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Pakhale wamkulu amene mwanayo amamukhulupirira, koma asakhale woganiziridwa mlanduwo ngakhale ali wachibale.

Kupolisi mafunso amachuluka chifukwa akufuna umboni, komabe ulemu sutha. Pitani ku Victim Support Unit, ndipo mtsikana akhoza kupempha kulankhula ndi wapolisi wamkazi. Mafunso onga akuti unavalanji kapena unkafunanji usiku kunyanja asamupangitse kudziona wolakwa. Wolakwa ndi wogwirirayo. Anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo ufulu wawo ndi womwewu.

Koma mafunso onse angadikire, chipatala ayi. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Thamangirani kuchipatala cha boma cha Nkhotakota kapena china chapafupi, komwe angalandirenso mankhwala oteteza mimba.

Mnzanu akakuuzani zimene zamuchitikira, mvetserani, musamupanikize, ndipo musakazinene kukalabu. Mukasowa pogwira imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.