Mwana Wachedwa Kulankhula, Koma Kunyumba Akana za ku Queens

Amayi anzanga, tiyerekeze kuti lero muli kusikelo pa chipatala cha Mulanje Mission, chija cha mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre. Mwana wanu wakwanitsa zaka zitatu. Thupi lake nlabwino, sikelo ikukwera, amathamanga ngati anzake, koma mawu palibe. Akafuna madzi amangoloza mtsuko, ndipo mukamuitana ali chofulatira sacheuka. Anamwino amuona bwinobwino nati, "Mayi, mwanayu akamuyeze makutu ku Queens." Inu mwayankha kuti "Chabwino," koma mumtima mukudziwa kale kuti ulendowo kulibe. Bambo akunyumba akana, agogo akuti atate akenso adachedwa kulankhula, ndipo ndalama ya basi ndi yomweyo ya ndiwo za mlungu wathunthu.

Ngati zotere zidakuonekeranipo, musadziyese nokha. Kwa anansi athu a ku Thyolo kudachitika kafukufuku amene zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2017, ndipo mmodzi mwa olemba ake adali Dr Wakisa Mulwafu, dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero. Mwa ana 150 amene adatumizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kaamba ka vuto la makutu, amene adakafika adali 5 okha. Makolo atafunsidwa adatchula kutalika kwa mtunda, kusowa kwa ndalama zoyendera, mantha ndi chipatala chachikulu chimene sadachipondepo, ndiponso kusamvetsa bwino chimene adawatumizira. Tsono mukuona kuti kholo likakana, kawirikawiri sikuti lilibe chikondi. Pali mwala umene lapunthwapo.

Nchifukwa chake wothandiza wanzeru, kaya ndi namwino, dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo, sayamba nkukalipa. Amayamba nkufunsa chimene chikukuvutani, namvetsera. Mwana ngwanu, ndipo kuvomera kapena kukana kuti akayezedwe kuli m'manja mwa inu makolo. Wachipatala ayenera kukufotokozerani m'chilankhulo chimene mumamva, kusunga chinsinsi cha banja lanu, ndi kupitiriza kuthandiza mwanayo ngakhale mwakana ulendowo. Koma pali chinthu chimodzi chimene sangachite pofuna kukusangalatsani: sangakuuzeni kuti zonse zili bwino pamene iye akukayika. Kukulemekezani nkukuuzani zoona mofatsa, kenaka nkukusiyirani mpata woganiza. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Nanunso muli ndi mbali yanu. Kuvomera ndi pakamwa pokha, kenaka nkusiya kubwera kusikelo chifukwa cha manyazi, ndiko kumene kumamuvulaza mwana. Nenani mosabisa kuti, "Ndalama ndilibe," kapena, "Amuna anga sadalole." Funsani kuti akamuchita chiyani kumeneko, mukafikira khomo liti, tsiku lanji, ndipo mudzabwerako tsiku lomwelo kapena ayi. Safunsa adadya phula. Kuyeza makutu sikupweteka ndipo si opaleshoni ayi. Kuno kwathu nkhani ya mwana sigamulidwa ndi anthu awiri okha. Atsibweni ake ndi agogo ali ndi mawu. Pemphani kuti tsiku lina mudzabwere nawo, adzamve okha kuchokera kwa anamwino, nawonso adzafunse zawo.

Pamene nkhaniyo ikukambidwa, mwana asakhale chodikira. Akatswiri ophunzitsa ana kulankhula ngochepa kwambiri m'dziko muno, koma zambiri zimene iwo amalangiza zimachitikira pakhomo, ndipo mphunzitsi wake ndinu. Mukamalankhula naye gwadani kapena khalani pansi kuti aone nkhope yanu ndi milomo yanu. Tchulani zimene mukuchita pa nthawi yomweyo: posinja nenani "mtondo," popeta nenani "lichero," posenda nandolo mpatseni wina m'manja nkumutchulira. Akaloza mtsuko musathamangire kumpatsa madzi. Nenani "madzi," dikirani pang'ono, ndipo akayesa kutulutsa liwu lililonse muyamikireni. Akati "nana" musamudzudzule, ingomubwezerani mawu athunthu kuti, "Eya, nanazi." Mufunseni kuti asankhe, nthochi kapena mbatata, zonse muli nazo m'manja. Muimbireni pomusambitsa, ndipo madzulo akhale nawo pa nthano. Ngati inu mumalawirira kukathyola tiyi, aphunzitseni agogo kapena mlezi njira zomwezi.

Musaope kuti Chilomwe cha agogo ndi Chichewa chanu zimsokoneza. Ana amatha kukula ndi zilankhulo ziwiri, ndipo zimenezi sizimanga lilime. Mwana wachibwibwi musamuseke kapena kumumalizira mawu, mulekeni atsirize yekha. Wina akakulangizani kuti mumudule kamnofu ka pansi pa lilime ndi lumo, kanani ndithu, pakuti mwana angataye magazi kapena kutenga matenda. Ngati mtima wanu uli pa pemphero kapena pa malangizo a akuluakulu, wachipatala alibe chifukwa chokunyozerani. Chachikulu nchakuti zimenezo zisatseke njira ya kuchipatala.

Komabe ndikuuzeni mosapsatira: pali chinthu chimene chikondi cha pakhomo sichingathe kuona, ndicho m'kati mwa khutu. Mwana amaphunzira kulankhula pomva ena akulankhula. Ana ambiri amatchula mawu oyamba akamakwanitsa chaka chimodzi, ndipo pofika zaka ziwiri amayamba kulumikiza mawu awiri. Khutu lotuluka mafinya nthawi yaitali, chikuku, matenda oumitsa khosi ndi malungo aakulu okomola zingathe kuononga kumva, mwana nkumaoneka wamphumphu. Makutu ena amachira ndi mankhwala, ena amathandizidwa ndi kachipangizo kovala kukhutu. Mwana amene samva konse angaphunzire chilankhulo cha manja, ndipo sukulu zake zilipo pafupi nafe, monga Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu ndi Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Zonsezi zimapindula koposa zikayamba mwana akadali wamng'ono. M'mera mpoyamba.

Choncho ngati lero mwakana, kukanako kusakhale kwa muyaya. Panganani ndi anamwino kuti mudzabwerenso pakatha miyezi iwiri kapena itatu, ndipo alembe tsikulo m'buku la kusikelo. Pa nthawiyo muziwerenga mawu atsopano amene mwana watchula, muzionanso ngati amacheuka mukamuitana chapansipansi muli kumbuyo kwake. Ngati palibe kusintha, kapena mawu amene ankatchula kale ayamba kusowa, kambiranani za ulendo uja mwatsopano, ndipo yambani kusungira ndalama yake pang'onopang'ono. Khutu likayamba kutuluka mafinya musadikire tsiku la pangano, pitani msanga.

Ndipo inu amene mwana wanu amalankhula bwino, mnzanu wa khomo loyandikana akakhala pa vuto lotere musamuloze chala pachitsime. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Atumizeni ana anu akasewere naye, ndipo tsiku limene mayi wake adzalimbe mtima kukwera basi ya ku Blantyre, mudzamsungire ana otsalawo, kapena mudzamperekeze.