Musanaode masamba, funsani kaye nyongolotsi

Ambiri amene timachita geni ya masamba timangoona kubiriwira kwa mpiru ndi kukula kwa mtolo, kenako n'kuyamba kunenerera mtengo. Koma inu amene mumakaoda kudimba kwenikweni, bwerekani khasu mugaule pamalo achinyezi kawiri kapena katatu. Dothi la manyowa, lothiriridwa tsiku ndi tsiku, siliyenera kusowa nyongolotsi. Zikasowa, pali nkhani.

Nyongolotsi imapuma kudzera pakhungu ndipo imameza dothi lenilenilo. Choncho zitsulo zapoizoni monga mtovu, mkuwa ndi cadmium zikakhala m'nthaka, zimailowa njira zonse ziwiri. Imayamba kuwonda, imaikira mazira ochepa, ndipo yomwe ili ndi mphamvu imathawa. Nthaka yotsalayo imagwirana, madzi salowa bwino, zinyalala siziwola msanga. Zitsulozi siziwola ngati manyowa. Zikalowa zakhazikika kwa zaka zambiri.

Zimachokera kuti? Mabatire otayidwa, phulusa la pamtaya pomwe amawotcha mawaya ndi mafoni akale, komanso madzi a mitsinje yodutsa m'mafakitale ngati Mudi ku Blantyre. China chimene ambiri sachiganizira ndi mankhwala a kopa opopera tomato. Amathandizadi pa chiwawu, koma akamathiridwa mowirikiza pamalo amodzi chaka ndi chaka, mkuwa umaunjikana pamwamba pa nthaka, pomwe nyongolotsi zimadya.

Anzathu a ku Kabwe, m'dziko la Zambia, akudziwa kulemera kwa nkhaniyi. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko udatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero dothi la m'makomo oyandikana nawo likadali ndi mtovu, ndipo ana ambiri adapezeka nawo m'magazi. Ngakhale nkhuku zoyendayenda zidapezeka nawo m'chiwindi ndi m'impso. Nkhuku ya lokolo, paja, imadya chilichonse chimene yapalasa.

Apa mpofunika kusamala: kupeza nyongolotsi sikutanthauza kuti nthaka ndi yoyera. Zina zimapirira n'kusunga zitsulozo m'thupi, ndipo nkhuku kapena bakha akazidya amatengera. N'chifukwa chake maso anu asathere m'dzenje lokha. Onani kumene madzi othirira akuchokera, ndipo funsani mwini dimba kumene adatenga manyowa. Akati "kumtaya", ine ndingakaode kwina, ngakhale mtolo wake utsike mtengo.

Masamba monga mpiru, repu ndi chainizi amakoka cadmium kuposa tomato kapena nyemba, ndipo imene yalowa mkati mwa tsamba sichoka ndi kutsuka kapena kuphika. Mtovu wambiri umakhala m'fumbi lomatirira kunja, choncho kutsuka ndi madzi apampopi kumachotsako ndithu. Pabenchi, musayale masamba pansi m'mbali mwa msewu, ndipo madzi owazira asakhale a mumngalande.