YAMOTO: TIMU YA LIGI IMODZI NDI OTSATIRA OSATOPA

Aliyense amene anakulira ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Kalingalinga anamvapo mfuu yakuti "Yamoto!" Ili ndi dzina limene anthu anapatsa timu ya mpira ya City of Lusaka, imene imavala malaya a mizere yakuda ndi yoyera, ndipo kwawo ndi ku bwalo la Woodlands. Ife tinabadwa timuyi itatenga kale cikho cake cacikulu. Mbiri yake tinaimva kwa atate athu, titazungulira mbaula madzulo. Lero tiona kuti ana athu adziwa pamtima maina a osewera a ku Manchester ndi ku London, koma za timu ya mzinda wao sadziwa kanthu. Tiyeni tsono tiwauzeko.

City of Lusaka inayambika m'caka ca 1937, mzinda wa Lusaka utangokhala likulu la dziko kwa zaka ziwiri. Masiku amenewo Azungu anali ndi mpira wao, Afirika ndi wao. Mpanda umenewu unagwa m'caka ca 1962, pamene panakhazikitsidwa ligi ya dziko lonse yolola mitundu yonse kusewera pamodzi.

Caka cimodzi izi zisanacitike, mu 1961, ku City kunafika mlendo wochuka wocokera ku England, dzina lake Jackie Sewell. Munthuyu sanali wamba. Mu 1951 timu ya Sheffield Wednesday inamugula ku Notts County pa mapaundi 34,500, mtengo umene panthawiyo unali usanalipiridwepo pa wosewera aliyense ku Britain. Anasewerera dziko la England, ndipo mu 1957 anatenga cikho ca FA ndi timu ya Aston Villa. Ku Lusaka anabwera ngati mphunzitsi, komanso iye mwini ankalowa m'bwalo. Caka comweco ca 1961 City inatenga cikho ca Castle.

Koma caka cimene akuluakulu sachula popanda kumwetulira ndi 1964. Ligi yoyamba inapita ku Roan United ya ku Luanshya, yaciwiri ku Mufulira Blackpool. Anthu anayamba kunena kuti mpira weniweni uli ku migodi basi. Ndipo m'caka ca ufulu wathu, Yamoto inatenga ligi pamodzi ndi cikho ca Castle. Pa masewera okondwerera ufulu mu October 1964, Sewell, ali ndi zaka 37, ndiye anatsogolera timu ya dziko latsopano la Zambia. Anamwalira mu 2016.

Kuyambira pamenepo kufikira lero, ligi sinabwererenso ku City. Kodi cinalakwika n'ciani? Tikayang'ana bwino mndandanda wa opambana, tipeza kuti pafupifupi timu iliyonse inali ndi kholo lamphamvu. Mufulira Wanderers, Nkana ndi Nchanga Rangers zinaleredwa ndi migodi. Kabwe Warriors inaleredwa ndi kampani ya njanji. Muno mu Lusaka, timu ya asilikali, imene inadzachedwa Green Buffaloes, inatenga ligi kasanu ndi kamodzi: mu 1973, 1974, 1975, 1977, 1979 ndi 1981. Itatha nyengo imeneyo, likulu linadikira zaka 21, kufikira pamene Zanaco, timu ya banki, inapambana mu 2002. Red Arrows, ya asilikali a ndege, inatsatira mu 2004, 2022 ndi 2024.

Kholo lotere limapatsa wosewera nchito, nyumba ndi malipiro a pamwezi. Mnyamata waluso wa ku George kapena ku Mtendere, amene ali ndi amake ndi azing'ono ake oti awadyetse, sitingamudzudzule akapita kumene kuli nsima. City inalibe mgodi, inalibe gulu la nkhondo. Cifukwa cace yakhala ikutsika mu ligi yaikulu ndi kukweranso kangapo konse.

Cimene citidabwitsa n'cakuti otsatira ake sanaitaye. Tidziwa nkhalamba za m'makomboni mwathu zimene zinkayenda pansi kapena kupalasa njinga mpaka ku Woodlands, timu ili pansi, ndi kubwerako mau atasasa. Sizinkatsata zikho, pakuti zikho kunalibe. Zinkapita cifukwa timuyo ndi yao, monga momwe munthu sakana mudzi wake cifukwa ca cilala.

Komabe mfuu yokha siigula nsapato za mpira. Akale anati mutu umodzi susenza denga. Timu yopanda kholo lolemera imakhala ndi moyo pokhapokha anthu ake akalipira pa cipata, osati kulumpha mpanda, ndiponso akaleka kuponya miyala pamene oimba wezulo sanawakondweretse.

Inu makolo anzathu, tsiku lina m'malo mosiya mwana pa wailesi ya kanema kapena pa tumashopu tobecherana ndalama, mugwireni dzanja mupite naye ku bwalo. Mumuuze za 1964. Agogo amene anaona caka cimeneco ndi maso ao atsala owerengeka. Tikacedwa kuwafunsa, adzapita nayo mbiriyi kumanda, ndipo ana athu adzayesa kuti Yamoto ndi dzina cabe.