Botolo la vinyo nalonso limapuma

Ndikatchula expansion m'kalasi, ambiri mumangoganiza za njanji ndi mawaya a magetsi. Komatu lamulo lomweli limasowetsa tulo anthu osunga vinyo wodula wa Cabernet Sauvignon ku Bordeaux, m'dziko la France.

Vinyoyu akakhala watsopano amaumitsa m'kamwa ngati tiyi wochulukitsa masamba. Zolawazo musayerekeze, mukadali pasukulu! Chimachititsa ndi tannin wochokera m'makoko ndi m'njere za mphesa. Pakapita zaka 10 kapena 20, tannin uja amafewa, vinyo n'kuyamba kukoma. Koma okosijeni akachuluka, zonse zimawonongeka.

Apa ndiye pali fizikisi. Kukatentha, vinyo amafutukuka kuposa galasi la botolo, ndiye amapanikiza kampweya kotsala kukhosi kwa botolo, kenako kamathawira m'mbali mwa chitsekerero cha cork. Kukazizira vinyo amabwerera, mpweya wakunja n'kulowa. Botolo likamapuma chonchi tsiku ndi tsiku, fungo la zipatso limatha, vinyo wa ndalama zambiri n'kusukuluka.

N'chifukwa chake amamusunga m'zipinda zapansi panthaka, pa madigiri pafupifupi 13. Kwa ine, chachikulu si nambalayo ayi, koma kuti isamasinthesinthe. Botolo amaligonekanso cham'mbali kuti cork izikhala yonyowa, isafote n'kusiya mpata.