Ziwerengero za makalori m'mafoni sizikhala zoona nthawi zonse

Anthu ofuna kucepetsa thupi, pamodzi ndi ena odwala matenda a shuga, masiku ano amalemba zonse zimene adya m'mapulogalamu a pa foni ya m'manja. Munthu akalemba dzina la cakudya, nthawi yomweyo foni imamuonetsa ciwerengero ca makalori, kutanthauza muyeso wa mphamvu imene cakudyaco cimapatsa thupi. Ambiri amakhulupirira ciwerengeroco ngati kuti cacokera kwa dokotala. Koma ziwerengero zoculuka m'mapulogalamu ena zinalembedwa ndi anthu wamba anzao, ndipo zina mwa izo n'zolakwika kwambiri.

Imodzi mwa mapulogalamu odziwika pa nchito imeneyi ndi MyFitnessPal, imene Mike Lee anayambitsa ku America m'caka ca 2005. Pulogalamuyi inakula msanga cifukwa inalola aliyense woigwiritsa nchito kuonjezera cakudya catsopano pamndandanda wake, mpaka zakudya zolembedwamo zinafika mamiliyoni. Mu 2015 kampani ya Under Armour inaigula pamtengo wa madola 475 miliyoni, ndipo mu 2020 inaigulitsanso ku kampani ya Francisco Partners. Cimene cinaipatsa mphamvu ndi cimenenso cinabweretsa vuto: munthu mmodzi akalakwitsa polemba, colakwaco cimakhalabe pamndandanda, ndipo anthu ena ambiri amacitenga osadziwa.

Kumene zolakwa zimacokera

Colakwa coyamba cimabwera posokoneza miyeso iwiri. Mphamvu ya cakudya imalembedwa m'makalori kapena m'makilojuli, ndipo kalori imodzi ya papaketi imafanana ndi makilojuli 4.184. Zakudya zambiri zocokera ku South Africa, zimene zimapezekanso m'masitolo a m'Zambia, zimaonetsa mphamvu yake m'makilojuli, ndi zilembo za kJ. Munthu akaona 1,500 kJ papaketi n'kulemba 1,500 pamalo a makalori, ndiye kuti wakuza ciwerengeroco koposa kanai, pakuti makalori enieni ndi pafupifupi 360.

Colakwa caciwiri ndi kusasiyanitsa cakudya cosaphika ndi cophika. Magalamu 100 a mpunga wosaphika ali ndi makalori pafupifupi 360, koma magalamu 100 a mpunga wophika ali ndi makalori pafupifupi 130 cabe, cifukwa mpungawo wamwa madzi, ndipo madzi alibe makalori. Ngati wolembayo anangoika liwu lakuti mpunga popanda kufotokoza, wobwera pambuyo sangadziwe kuti ciwerengeroco n'ca mpunga uti.

Colakwa cacitatu cili pa kukula kwa gawo. Paketi imaonetsa kawirikawiri mizera iwiri, wina wa magalamu 100 ndi wina wa gawo la munthu mmodzi, ndipo wolemba mofulumira amatenga mzera wolakwika. Ena amalemba kuti mbale imodzi kapena kapu imodzi, ciri cikhalireco mbale za m'nyumba zimasiyana kukula. Palinso zakudya zimene opanga ake anasintha kapangidwe, koma ciwerengero cakale cikadali pamndandanda.

Nsima ndi ndiwo

Vutoli limakula pa zakudya zophikidwa panyumba, zimene zilibe paketi. Nsima ndi citsanzo cabwino. Mphamvu yake yonse imacokera ku unga wa cimanga, umene uli ndi makalori pafupifupi 360 pa magalamu 100. Koma nsima yolimba imalowa unga wambiri kuposa yofewa, ndipo mtanda wa m'nyumba ina sulingana ndi wa m'nyumba ina kapena wa m'lesitilanti ya pamsika. Conco ciwerengero cimene munthu wina analemba pansi pa mau akuti mtanda umodzi wa nsima cimanena za nsima ya kwao, osati ya aliyense.

Ndiwo nazo n'cimodzimodzi. Repu kapena cibwabwa pazokha zili ndi makalori ocepa kwambiri. Koma supuni imodzi yaikulu ya saladi imaonjezera makalori pafupifupi 120, ndipo nshawa zili ndi makalori oposa 550 pa magalamu 100. Ndiwo zamasamba zowiritsa, zokazinga ndi zotendera zingaoneke zofanana kuculuka m'mbale, pamene mphamvu yake yasiyana kutali. Foni siiona mpoto, ndipo siidziwa kuti wophika anathiramo saladi woculuka motani.

Ngakhale ziwerengero za akatswiri n'zoyerekeza

Ziwerengero zocokera kwa akatswiri nazonso sizili ndendende. Zambiri zimatsatira njira ya Wilbur Atwater, katswiri wa ku America amene anafufuza nkhaniyi cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mwa njira imeneyi, galamu imodzi ya mapuloteni imapatsa makalori 4, ya sitachi kapena shuga imapatsa 4, ndipo ya mafuta imapatsa 9. Awa ndi manambala apakatikati, pakuti thupi siligaya zakudya zonse mofanana. Mu 2012 ofufuza a unduna wa zamalimidwe ku America anapeza kuti magalamu 28 a mtedza wa almond amapatsa thupi makalori 129, pamene kuwerengera kwa masiku onse kumapereka pafupifupi 170. Ndiponso malamulo a bungwe la FDA m'dzikolo amalola kuti makalori enieni apose olembedwa papaketi kufikira 20 peresenti.

Pamwamba pa izi pali kuiwala kwa wakudyayo mwini. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 1992 m'magazini ya zamankhwala ya New England Journal of Medicine anayesa anthu amene anali kudandaula kuti sakuonda ngakhale amadya pang'ono. Zinapezeka kuti zimene anali kunena kuti adya zinali zocepa ndi 47 peresenti poyerekeza ndi zimene anadyadi. Shuga wa m'tiyi, citumbuwa ca panjira ndi zakumwa zozizira ndi zina mwa zinthu zimene munthu saacedwa kuiwala polemba.

Mmene munthu angayesere ciwerengero

Pali njira zapafupi zodziwira ciwerengero cokayikitsa. Yoyamba ndi kugwiritsa nchito manambala a Atwater. Cakudya cokhala ndi magalamu 10 a mapuloteni, 20 a sitachi ndi 5 a mafuta ciyenera kukhala ndi makalori pafupifupi 165, ndiko kuti 40, 80 ndi 45 pamodzi. Foni ikaonetsa 60 kapena 400, pamenepo pali colakwa. Yaciwiri ndi kukumbukira kuti mafuta ndiwo ali ndi mphamvu yoposa zakudya zonse, conco palibe cakudya cimene cingapitirire makalori 900 pa magalamu 100.

Pa zakudya za m'mapaketi, cabwino ndi kuyerekeza za m'foni ndi zolembedwa papaketi yomwe ili m'manja. Pa zakudya zina, MyFitnessPal imaika cizindikiro cobiriwira pa ziwerengero zimene yaziona kuti n'zokwanira, ndipo mndandanda wa boma la America wa FoodData Central, umene unatsegulidwa mu 2019, umapezeka kwaulere pa intaneti. M'Zambia, bungwe la National Food and Nutrition Commission, lokhazikitsidwa mu 1967, linafalitsa matebulo oonetsa zopezeka m'zakudya za m'dziko muno.

Pa nsima, njira yodalirika ndi kupima unga usanalowe mumpoto. Kilogalamu imodzi ya unga ili ndi makalori pafupifupi 3,600. Banja la anthu 6 likagawana mofanana nsima ya unga umenewo, aliyense walandira makalori pafupifupi 600, ndiwo zisanawerengedwe. Saladi nayenso apimidwe ndi supuni asanathiridwe.

Kwa munthu wofuna kuonda, colakwa ca supuni ziwiri za saladi patsiku ndi makalori 240 amene sakuoneka m'foni, ndipo angafooke poganiza kuti thupi lake lakana. Kwa wodwala matenda a shuga amene amabaya insulini molingana ndi sitachi imene wadya, ciwerengero colakwika cingatsitse kapena kukweza shuga wa m'magazi moopsa. Wotereyu ayenera kutsatira miyeso imene wapatsidwa kucipatala, osati imene munthu wosadziwika analemba m'pulogalamu.

Mapulogalamuwa amathandizabe. Amaonetsa munthu cizolowezi cake ca kadyedwe, ndipo amamukumbutsa zakudya zimene sanali kuziwerengera. Koma ngati papita milungu ingapo foni ikunena kuti munthu akudya pang'ono pamene sikelo siikusintha, cofunika kuyang'ananso coyamba ndi ziwerengero zimene zinalembedwa m'foniyo.