Mfuti inalowa bwanji m'nyumba ya Mulungu?

Madzulo a Lachitatu, pa 17 June 2015, akhristu ochepa a mpingo wa Emanuel AME mumzinda wa Charleston, m'chigawo cha South Carolina ku America, anasonkhana kuti aphunzire fanizo la wofesa mbewu. Kunalowa mnyamata wachizungu wa zaka 21, Dylann Roof, ndipo iwo anachita chomwe ifenso tikanachita: anamulandira nampatsa pokhala. Atakhala nawo pafupifupi ola lathunthu, mlendoyo anasolola mfuti n'kupha anthu 9, onse akuda, kuphatikizapo m'busa wawo Clementa Pinckney.

Zambiri zinanenedwa za chidani chomwe chinali mumtima mwa mnyamatayu, ndiponso za ena mwa ofedwa amene anamukhululukira m'khoti patangotha masiku awiri. Koma tiyeni, abale ndi alongo, tifunse za mfutiyo. Inafika bwanji m'manja mwake?

Lamulo la dzikolo limati wogula mfuti kusitolo yovomerezeka ayambe wafufuzidwa mbiri yake. Bungwe la FBI limapatsidwa masiku atatu ogwira ntchito, ndipo likapanda kuyankha, wamalonda ali ndi ufulu wogulitsa. Roof anali atavomera kale kwa apolisi kuti anapezeka ndi mankhwala oletsedwa, chinthu chomwe chikanamulepheretsa kugula. Koma zolembedwa zinasokonekera, wofufuza anakafunsa kupolisi kolakwika, masiku atatu anatha. Mkulu wa FBI pa nthawiyo, James Comey, anavomera poyera kuti mfutiyo sinayenera kugulitsidwa.

Apa mpamene ndale zimalowera. Omenyera ufulu wa mfuti, motsogozedwa ndi bungwe la National Rifle Association, amatsamira pa ndime yomwe inawonjezedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791, imene khoti lalikulu linagamula mu 2008 kuti imateteza ufulu wa munthu payekha wosunga mfuti. Iwo amati popanda malire a masiku, boma lingalande ufuluwo mwa kungozengereza. Tisawapeputse, aliyense amene anadikirapo chikalata muofesi ya boma akumva chomwe akunena. Ofuna malamulo okhwima amayankha kuti munthu wodikira sabata yowonjezera sataya kanthu, pomwe woikidwa m'manda sadzukanso. Phungu Jim Clyburn anabweretsa bilu yoti masikuwo akhale 10. Nyumba ya aphungu inaivomereza mu 2019 ndi mu 2021, koma maulendo onse awiri inakafera kunyumba ya Senate.

Maliro ena anali atagwa kale. Pa 5 November 2017, mfuti inalira m'tchalitchi cha First Baptist ku Sutherland Springs, m'chigawo cha Texas, ndipo anthu 26 anafa. Wakuphayo anali atapezeka wolakwa m'khoti la asilikali pa mlandu womenya mkazi wake ndi mwana, koma akuluakulu a asilikali a m'ndege sanatumize chigamulocho ku FBI. Munthu wina woyandikana ndi tchalitchicho anatuluka ndi mfuti yake n'kumuwombera wachiwembuyo, yemwe anathawa atavulala. Mbali iliyonse inapezamo umboni wake: awa akuloza mnansi wolimba mtima, awo akuloza mfuti yomwe sinayenera kugulidwa. N'zomvetsa chisoni kuona mitembo ya opembedza ikusanduka mfundo zokopera mavoti, maluwa asanafote n'komwe pa mitumbira.

Mipingo nayo yagawikana. Ina, makamaka ku Texas, imaika akhristu onyamula mfuti pakhomo nthawi ya mapemphero. Ina imati khomo lolandirira mlendo silingakhalenso pobisalira msilikali. Ife tikuona kuti m'matchalitchi awiriwa, tsoka linayambira patali ndi khomolo, pa desiki la munthu amene sanamalize ntchito yake.

Pa nkhani ya Texas zipani zinamvana. Mu 2018 kunakhazikitsidwa lamulo lokakamiza nthambi za boma kutumiza mbiri za olakwa, mothandizana kwa John Cornyn wa Republican ndi Chris Murphy wa Democratic. Za Charleston zinatsalira. Lamulo la 2022, lomwe linabwera ana 19 ndi aphunzitsi awiri ataphedwa pasukulu ku Uvalde, linalola kuti kafukufuku afike masiku 10, koma kwa ogula osakwana zaka 21 okha. Roof anagula mfuti yake atangokwanitsa kumene zaka 21.