Thanthwe likapsa: kukwera miyala ku Cape Town moto ukadutsa

Lero ndili ndekha, ndipo nkhani yathu yachokera pa funso la mlongo wathu wina wa kuno ku Cape Town. Iyeyu wakhala akukwera makoma a mu gym kwa chaka, tsopano akufuna kulawa thanthwe lenileni. Funso lake n'loti: "Achimwene, moto ukazima ndipo utsi watha, n'chifukwa chiyani amatsekabe malo okwerera kwa miyezi? Mwalatu supsa."

Achemwali, funso lanu ndi labwino, ndipo inenso ndinkaganiza choncho. Koma yankho lalifupi n'lakuti mwala umapsa ndithu, kungoti susanduka phulusa. Tiyeni tiyambire patali pang'ono kuti amene sanakwerepo asatsale m'mbuyo.

Masewerawa amayenda chonchi. Umakwera khoma la mwala ndi manja ndi mapazi, utamanga chingwe m'chiuno pa harness. Mnzako amaima pansi atagwira mbali ina ya chingwecho. M'malo ambiri, anthu anaboola kale thanthwe n'kuikamo mabawuti, ndiye ukamakwera umakoleka chingwe pa bawuti iliyonse. Ukaterereka, bawuti yomaliza ija ndi mnzako uja ndi amene amakugwira. Choncho moyo wako uli pa zinthu zitatu: mwala womwe wagwira, chitsulo chomwe chili mu mwalawo, ndi zomwe zili pamwamba pa mutu wako zomwe sukuziona. Moto umakhudza zitatu zonsezi.

Kuno moto si mlendo. Mvula ya ku Cape imagwa nthawi yozizira, cha m'Meyi mpaka Ogasiti, pomwe kwathu kuli gwaa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi tchire limauma, mphepo ya kummwera chakummawa ija imaomba mwamphamvu, ndiye kamoto kakang'ono kamakwera phiri m'kanthawi kochepa. Mu Malichi 2015 moto unayambira kumtunda kwa Muizenberg n'kudutsa Silvermine mpaka Hout Bay ndi Tokai, n'kutentha mahekitala oposa 5,000. Silvermine, komwe ambiri timaphunzirira kukwera panja, inatsekedwa kwa miyezi ingapo. Pa 18 Epulo 2021 moto wina unatsika Devil's Peak n'kutentha lesitilanti ya ku Rhodes Memorial ndi laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town. Ndiye funso la mlongo wathuli lizibwerabe chaka ndi chaka.

Tiyambe ndi mwala weniweniwo. Amene munakulira kumudzi, kapena m'mphepete mwa phiri ku Blantyre, munawaonapo anthu oswa miyala. Thanthwe likawakanika ndi hamala, amasonkhapo moto wa nkhuni kapena matayala, mwina n'kuthirapo madzi likadali lotentha. Kenako limasweka mosavuta. Zomwe amachita dala anthu amenewa ndi zomwe moto wolusa umachita pa khoma lokwerera. Mwala sufalitsa kutentha msanga. Kunja kumatentha n'kufutukuka, m'kati mukadali mozizira, ndiye khungu lakunjalo limalekana ndi thupi lake. Ngati m'ming'alu munali chinyezi, chimasanduka nthunzi n'kukankha kuchokera m'kati. Komanso miyala ya Table Mountain ndi ya mchenga wolimba wodzaza ndi quartz, ndipo quartz ikafika pa madigiri 573 imafutukuka mwadzidzidzi. Zotsatira zake, mwala umasupuka ngati makoko a anyezi.

Makoko ena amagwa tsiku lomwelo, ndipo mumawapeza ali mbwee pansi pa khoma. Amenewo alibe vuto, agwa kale. Oopsa ndi omwe atsalira, ongokakamira, ooneka ngati abwinobwino. Ine pantchito ndimakonza makompyuta, ndipo ndimaziona izi mphenzi ikaomba: kompyuta imayaka bwinobwino, mwini wake n'kumasangalala, koma patatha milungu iwiri hard drive yafa. Kuyaka si umboni woti zili bwino. Mwalanso chimodzimodzi.

Zinandichitikirapo. Malo ena atatsegulidwa moto utapita, ndinabwerera pa njira yomwe ndinali nditaikwera kambirimbiri, yoti ndikanatha kuikwera nditatsinzina. Ndisanafike pa bawuti yachiwiri ndinagwira pomwe ndimagwira masiku onse, ndipo chibenthu chachikulu ngati mbale yodyera nsima chinangotsalira m'manja. Ine chingwe chinandigwira. Koma chibenthucho chinadutsa pafupi ndi phewa la mnzanga amene anagwira chingwe pansi. Taganizani, akanakomoka iyeyo, ine akanandigwira ndani? Tinakhala pansi osayankhulana kwa kanthawi, kenako tinalongedza n'kumapita.

Chinthu chimodzi choti mugwire apa: moto umatentha kwambiri pomwe pali zoti upsereze. Khoma lalitali lopanda zomera, kumtunda kwake nthawi zambiri kumapulumuka. Komwe kumavulala ndi kumunsi, mamita oyambirira, pomwe tchire limagundana ndi mwala, komanso m'mashelefu ndi pamwamba penipeni pomwe pamamera zitsamba. Tsoka lake, kumunsi n'komwe kugwa kumaopsa kwambiri, chifukwa chingwe chimakhala chisanakoledwe kokwanira ndipo nthaka ili pafupi. Pomwe panali mitengo yobwera monga paini, moto umakhala waukali kuposa pa tchire lachilengedwe, ndiye mukaona zitsa zikuluzikulu zakuda m'munsi mwa khoma, dziwani kuti pamenepo panatentha zedi.

Mungadziwe bwanji mwala wovulala? Yang'anani zipsera zoyera kapena zofiirira zooneka zatsopano, ndi tizibenthu takuthwa pansi. Kenako gogodani ndi chikhatho. Mukukumbukira momwe agogo amagogodera mphika wadothi pamsika asanagule? Wabwino umalira ngwee, wong'aluka umalira mogonthera. Mwala wolimba ukaugogoda umangoti duu, osayankha. Ukamveka ngati ng'oma, kuseri kwake kuli mphako, musaudalire. Mwaye nawonso umapangitsa mwala kuterera, moti choko sichithandiza kwenikweni.

Tsopano zitsulo. Apa m'pomwe anthu ambiri amanyengeka, chifukwa bawuti imaoneka yonyezimira mukaipukuta. Mabawuti alipo a mitundu iwiri. Ena amagwira pofutukuka m'dzenje mukawamanga ndi sipanala. Ena amamatidwa ndi guluu wamphamvu. Moto wa tchire susungunula chitsulo, ayi. Koma guluu amafooka ndi kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi chitsulo, ndipo zomwe zachitika m'kati mwa dzenje simungazione ndi maso. Bawuti yomanga ndi sipanala ija nayonso imadalira mwala wouzungulira. Mwalawo ukang'aluka kapena kusupuka, bawuti yatsala ngati msomali pa khoma la dothi lonyowa. Choncho mukaona bawuti yakuda ndi mwaye, yosintha mtundu, yogwedera, kapena mwala wosupuka m'mbali mwake, itengeni ngati palibe.

Zansalu ndiye musachite kufunsa. Nayiloni ya zingwe imasungunuka pa madigiri apakati pa 220 ndi 260, ndipo Dyneema, ya malamba opyapyala aja, imasungunuka isanafike n'komwe pa 150. Lamba aliyense amene mwamupeza atasiyidwa pa thanthwe lomwe lapsa, muduleni, muikeni m'chikwama, mukamutaye kunyumba. Ndipo ngati mumamangirira chingwe pa mtengo wa pamwamba, dziwani kuti mtengo ukhoza kuima chilili mizu yake itapsa pansi pa nthaka.

Chachitatu, chomwe ine ndimachiopa kuposa zonse, ndi zomwe zili pamwamba. Paphiri pali miyala yambiri yomwe imangogwiridwa ndi mizu ndi zitsamba. Zomera zikapsa, palibenso choigwira. Nthaka yopsa kwambiri imathanso kukana madzi, mvula n'kumangoyenderera pamwamba m'malo molowa pansi. Ndiye onani momwe nyengo ya kuno imayendera: moto mu Malichi kapena Epulo, mvula yamphamvu mu Juni. Mvula yoyambayo imakokolola dothi, imasuntha miyala, imagumula tinjira topita ku makoma. Tsono nthawi yoopsa kwambiri si mlungu wotsatira moto wokha, koma nyengo yonse yamvula yotsatira. Munthu, mbuzi ya m'phiri kapena mphepo chabe ikhoza kugubuduza mwala pamwamba inu muli pansi mukumanga nsapato.

Pali chifukwa chinanso chotsekera, chomwe sichikhudza khosi lanu koma phirilo. Tchire la kuno, lotchedwa fynbos, limafuna moto kuti lidzibereke. Mitundu yambiri ya protea imasunga njere m'zibalobalo zake mpaka moto utadutsa, kenako imazimwaza pa phulusa. Njere zina zimadzuka chifukwa cha utsi. Pali duwa lina lofiira, fire lily, lomwe limatuluka patangopita nthawi yochepa moto utadutsa. Kwathu timadziwa momwe msipu umaphukira pa lupsa mvula isanagwe n'komwe. Koma timbewu timeneti n'tanthete. Tinjira tikafufutika ndi moto, aliyense amangodutsa pomwe wafuna, ndipo nsapato makumi awiri pa Loweruka limodzi zitha kupha zomwe zikanamera zaka khumi, n'kutsegula ngalande ya madzi. Ndiye a SANParks akatseka malo, si nkhanza. Komanso tisaiwale, ambirife tili m'dziko la eni. Kugwidwa utadumpha chikwangwani choletsa ndi mlandu woti sukufunika pamene mapepala ako ali ku Home Affairs.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Onani zilengezo za SANParks, ndipo funsani a Mountain Club of South Africa, bungwe lomwe lilipo kuyambira 1891. Pali anthu odzipereka omwe amayendera mabawuti n'kusintha owonongeka. Mukaona bawuti yokayikitsa, ijambuleni, lembani dzina la njirayo, muwatumizire. Musayese kukonza nokha.

Malo akatsegulidwa, chipewa cholimba chija valani nonse, makamaka wogwira chingwe, ndipo asaime molunjika pansi pa wokwera. Ena onse akhale patali ndi khoma, osati kuyala nkhomaliro m'munsi mwake. Kolekani bawuti yoyamba, ngakhale yachiwiri, ndi ndodo muli pansi. Yambani ndi njira zosavuta kuposa mphamvu zanu, kuti mukhale ndi mpata wogogoda musanakoke. Chikathothoka, kuwani mwamphamvu kuti apansi amve. Mvula yamphamvu ikagwa, lipatseni phiri masiku angapo. Yendani m'njira yokhazikika ngakhale yachidule ikuoneka poyera. Ndipo sungani nambala ya Wilderness Search and Rescue mu foni musananyamuke, osati kukaifufuza pa intaneti mnzanu atagona pansi.

Kwa inu amene mwangochoka mu gym, monga mlongo wathu uja, ndinene mosabisa: thanthwe lopsa kumene si malo ophunzirira. Mu gym zogwira zonse zinamangidwa ndi sipanala ndipo pali wina amene amaziyendera. Panja woyendera ndinu. Pitani kaye komwe sikunapse, ndi munthu amene wakwera zaka zambiri, muphunzire kumva kulira kwa mwala wabwino. Mukatero mudzauzindikira woipa.

Ndipo amene mumalota zodzakwera Chambe ku Mulanje mukapita kumudzi pa holide, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Kumenekonso moto umayaka m'phiri chilimwe chilichonse, ndipo m'malo ambiri wokwera amaponda ndi kugwira zomera zomera m'thanthwe. Funsani operekeza a komweko kuti moto unadutsa liti komanso mbali iti musanamange chingwe.

Mnzanga uja tikukwerabe limodzi mpaka lero. Kungoti masiku ano amavala chipewa chake tikangotsika galimoto, ndipo ine sindimusekanso. Achemwali, ndikhulupirira ndakuyankhani. Enanu pitirizani kutumiza mafunso, ndipo ngati munakwerapo malo opsa ku California kapena ku Australia, tiuzeni zomwe munaona. Tikumanenso mlungu wamawa. Khalani bwino.